Juzi Yolukira Munthu Mmodzi

Ulusi wokwana juzi imodzi ya mwana masiku ano umadya ndalama zambiri kuposa juzi yathaitha ya pa kaunjika. Aliyense woluka amazidziwa zimenezi, kungoti ambirife sitikonda kuzitchula. Upite pamsika tsiku lomasula belo, ndalama ya ulusi yomweyo ikugulira majuzi awiri kapena atatu, ena a ubweya weniweni wa nkhosa, pomwe ulusi wathu wa m'mashopuwu ndi wochita kupanga kuchokera ku mafuta okumba pansi. Pamenepo sitinawerengere masabata okhala pakhonde, mutu uli zyoli, maso ali pa masingano. Alongo anga, omwe ndi msungichuma pampingo pathu, amati imeneyi ndi bizinesi yokhayo imene mwini wake amaiyamba akudziwa kale kuti aluza. Amanena moseka, koma masamu awo ndi oona.

Ine kuluka ndinaphunzira kupulayimale, nthawi ija atsikana tinkapatsidwa singano anyamata akusema mipini, ndipo ndaluka zaka zonse za uphunzitsi wanga mpaka lero ndili pa penshoni. Kuno ku Dedza juzi si ya matama. Juni ndi Julayi akalowa, mwana wolawirira kusukulu amalephera kugwira pensulo, zala zitauma gwa ndi chisanu. Choncho kuti juzi ndi yofunika palibe wotsutsa. Chomwe chimandiimitsa mutu ndi china. Kodi Mkhristu, kapena munthu aliyense wofuna kuchita chilungamo, ali ndi chifukwa chomveka chothera masiku ake kulukira mdzukulu mmodzi chinthu chomwe akanangogula, pamene ana ena a m'mudzi momwemo akugona atalowetsa miyendo m'thumba la feteleza?

Pa nkhani ya mtengo, dzanja linagonja kalekale, ndipo linagonjera konkuno. David Livingstone atakwera ndi mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, lina la makolo, la ulusi waufupi ndi wokhakhala, lina lochita kubwera kuchokera kunja. M'midzi yambiri imene anadutsa anaonamo anthu akupota ndi kuomba. Kuomba inali ntchito ya abambo. Bambo ankakhoma zikhomo pabwalo, n'kutambasula ulusi wa m'litali pafupi ndi nthaka, kenako n'kumalowetsa wopingasa mzere umodziumodzi, akuuguguda kuti uthithikane. Nsalu yotuluka pamenepo inkatchedwa machila, ndipo inkagulidwa mpaka m'chigwa cha Zambezi zaka zambirimbiri Livingstone asanabadwe. Kumtunda kuno ambiri ankavala chiwondo, khungwa la mombo losasantha mpaka kufewa. Kenako kunabwera merikani wa m'mafakitale a ku America wodzera ku Zanzibar, kaniki wa ku India ndi nsalu za ku Manchester. Nsalu imene bambo ankaitayira masabata, makina ankailavula pa kanthawi kochepa, ndipo zikhomo zija zinazulidwa. Mu 1967 tinakhala ndi fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Nayonso inadzayamba kupuma movutika nsalu zotsika mtengo ndi kaunjika zitasefukira m'zaka za m'ma 1990, mpaka inagulitsidwa mu 2003.

Ine sindili m'gulu la olira maliro a zimenezi. Amene amatamanda nthawi ya chiwondo sanagonepo m'chiwondo mwezi wa Julayi. Agogo anga ankatiuza kuti pa utsikana wawo munthu wa nsalu ziwiri ankaonedwa wolemera, ndipo nsalu imodzi yomweyo inali yovala masana, yofunda usiku, yoberekera mwana. Kutsika mtengo kwa chovala ndi chifundo chachikulu kwa mmphawi. Kaunjika waveka ana amasiye ochuluka kuposa amene amayi tonse oluka m'dziko muno tingawaveke titaluka usana ndi usiku. Ndikanena kuti juzi yanga ndi yopatulika kuposa ya m'belo chifukwa chakuti yadutsa m'zala zanga, ndiye kuti ndikudzilambira. Chisanu sichifunsa kuti waluka ndani.

Funso langa lija lili ndi mkulu wake m'Baibulo. Ku Betaniya, Mariya atathira mafuta a nardo pamapazi a Yesu, panamveka dandaulo lakuti mafutawo akanagulitsidwa madinari 300 n'kuthandiza osauka. Dinari imodzi anali malipiro a waganyu pa tsiku, choncho tikunena ndalama ya pafupifupi chaka chathunthu. Timathamangira kunena kuti wodandaulayo anali Yudasi, mbala ya thumba la gulu, ndipo Yohane akuterodi. Koma Mateyu akuika dandaulo lomwelo pakamwa pa ophunzira onse. Si funso la mbala zokha. Ndi funso la munthu aliyense amene anaonapo njala n'kuyamba kuwerengera. Yesu mwini, pa Luka mutu 14, analangiza womuitana kuphwando kuti pokonza chakudya asamaitane abale ndi anansi olemera omwe adzamubwezera, koma osauka, olumala ndi akhungu. Agogo wolukira zidzukulu zake akamva mawu amenewa masingano amalemera.

Anthu a nzeru zakuya a masiku ano afika pomwepa podzera njira ina. Mu 1972 Peter Singer wa ku Australia, ataona mavuto a othawa nkhondo a ku East Bengal, anatulutsa nkhani yomwe mpaka pano imasowetsa mtendere ophunzira m'mayunivesite. Anapereka chitsanzo cha mwana amene akumira padziwe losaya, iwe ukudutsa. Palibe angakane kulowamo poopa kudetsa zovala. Ndiye anafunsa kuti ngati zili choncho, kutalika kwa mtunda kapena kusamudziwa mwanayo kukusintha chiyani. Kwa iye mwana wa kutali ndi mwana wa pakhomo amalemera chimodzimodzi pasikelo, ndipo ndalama ndi nthawi ziyenera kupita kumene zipulumutse ambiri. Tikatsata mzere umenewu mpaka kumapeto, ine ndiyenera kusiya masingano, ndalama ya ulusi ndigulire majuzi atatu a kaunjika, masabata aja ndikagwire ntchito ina yopindulitsa, phindu lakenso ligule majuzi ena.

Sindingagwetse mfundo imeneyi ndi mawu okoma. Chomwe ndingachite ndi kunena chimene chimachitika munthu akamaluka, chifukwa owerengerawa amachiona chili kutali.

Juzi siyambira pa ulusi. Imayambira pa thupi la munthu. Mwana ali pafupi ndimamuimika, n'kumuzunguliza kachingwe pachifuwa, ndikumanga mfundo. Kuchokera paphewa kufika pamfundo ya dzanja, mfundo ina. Kuchokera pakhosi kufika m'chiuno, inanso. Kenako ndimaluka kachidutswa koyesera kuti ndione masitichi angati akukwana pachikhatho, popeza ulusi uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndiponso dzanja la woluka limathina akakhala ndi nkhawa, limamasuka akakhala pamtendere. Ndikatero ndiye ndimaika masitichi oyamba. Mdzukulu wanga wina ali ndi mutu waukulu ngati agogo ake aamuna, ndipo juzi iliyonse yogula imamukola m'makutu, amalira asanaivale. Yake ndimasiya mpata paphewa n'kuikapo mabatani awiri. Wina amaluma mikono ya juzi akamaganiza, ndiye yake ndimaluka mikono kuchokera kuphewa kutsikira kudzanja kuti ikadyeka ndingomasula kunsongako n'kulukanso. Wina khungu lake limayabwa ndi ulusi wokhakhala, khosi la juzi yake ndimaliika lotsika. Zonsezi palibe pepala limene zinalembedwa. Ndinaziona chifukwa ndinakhala ndikuwayang'ana.

Woomba pamakina a manja ndiye zimamupanikiza koposa. Ndinakaonapo ku Bangwe, kufakitale ya MACOHA kumene anthu aulumali amaomba timakapeti ndi nsalu zina zochindikala. Ntchito yotopetsa si yoponya ulusi uku ndi uku ija imene mlendo amaima n'kumaionerera. Yotopetsa ndi ya poyamba, yoyala ulusi wa m'litali, kuuwerenga, kuulowetsa umodziumodzi m'timaboo take, kuukoka kuti wonse ukungike mofanana. Phazi likayamba kuponda, ulusi wina kukwera wina kutsika, mulifupi mwa nsalu mwatsekedwa kale. Woomba bulangete kulikonse padziko sangafike pakati n'kunena kuti ndikuze pang'ono. Ayenera kudziwiratu ngati wofunda ndi khanda, nkhalamba yogona yokha, kapena ana atatu ogona mphasa imodzi omwe amakokerana usiku. Asanaponye mzere woyamba, wofundayo amakhala ali kale m'mutu mwake.

Apa ndiye pali kusiyana kumene masamu sakugwira. Fakitale imasokera saizi. Imasoka bwino, mwachangu, motsika mtengo, koma imasokera munthu wongoyerekeza, wa zaka zakutizakuti, amene kulibe. Belo likamasulidwa, munthu ndiye amafunafuna chovala chomwe angakwanemo. Woluka amachita mosemphanitsa: chovala ndicho chimatsata munthu. Choncho chimene mdzukulu wanga amalandira si kutentha kokha. Amalandira umboni wakuti pali wina amene anaona kuti mabatani a paphewa ndi ofunika. Ndaphunzitsa ana ambiri, ndipo ndinaona kuti mwana akhoza kukhuta, kuvala, kulipiriridwa zonse, koma n'kumafota chifukwa palibe amene amamudziwa. Njala imeneyo ndi yeniyeni, ndipo siithetsedwa ndi belo.

Chikhulupiriro chathu chimaima pomwepo. Sitipembedza Mulungu wokonda mtundu wa anthu mwachisawawa monga boma limakondera chiwerengero cha nzika. Timapembedza Mulungu woitana Abrahamu, Mose ndi Samueli potchula maina, mbusa wosiya nkhosa 99 kukafuna imodzi, zomwe msungichuma aliyense angakuuzeni kuti ndi masamu olakwika. Ngakhale pothamangitsa Adamu ndi Hava m'munda, buku la Genesis likuti anawasokera zovala zachikopa n'kuwaveka yekha. Ndipo Mariya wa ku Betaniya uja Yesu anamuikira kumbuyo. Sananene kuti osauka alibe ntchito. Anangokana kuti chikondi chothiridwa pa munthu mmodzi chitchedwe kuwononga.

Mwa onse osoka a m'Baibulo, amene amandigwira mtima ndi Hana. Anapempha mwana akulira, atamupeza anamuyamwitsa, atamuletsa kuyamwa anakamusiya kwa Eli ku Silo monga analonjezera. Ndiye buku loyamba la Samueli, mutu 2, likutiuza kuti chaka ndi chaka ankamusokera kamwinjiro n'kupita nako pokapereka nsembe. Amene sanasokepo amadutsa pamenepa osaima. Koma taganizani: mayiyu ali ku Rama, mwana ali ku Silo, amaonana kamodzi pachaka. Alibe pomuyezera. Ayenera kukumbukira mapewa a chaka chatha n'kuwonjezerapo msinkhu umene sanauone. Akachepetsa, mwana savala. Akakuza kwambiri, mwana akupunthwa m'nyumba ya Mulungu. Kuti alondole, ayenera kukhala chaka chonse akukula naye mwanayo mumtima. Anadzabereka ana ena asanu, koma muyeso wa amene anachoka uja ankausungabe.

Amayi ambiri a m'dziko muno ndife a Hana. Kuyambira nthawi ya Wenela mabulangete akhala akuchokera ku Joni kubwera kuno, ndipo mpaka pano basi yochokera ku Johannesburg imafika itasenza mitolo yake. Ine ndimatumiza katundu wobwerera chakumeneko. Mdzukulu wanga wobadwira kumeneko ndimamuyeza pa zithunzi za pa WhatsApp. Ndimauza mayi ake kuti amuimike pafupi ndi chitseko, ndione pamene mutu ukulekeza poyerekeza ndi chogwirira. Kumeneko masitolo a zovala ali mbwee, juzi yanga sakuisowa. Chimene ndikufuna n'chakuti mwanayo akule akudziwa kuti kuphiri kwina kumene sanapondeko kuli mayi wina wokalamba amene amadziwa kutalika kwa mkono wake.

Koma ndinganame nditanena kuti chikondi choyezera munthu mmodzi chilibe matenda. Chili ndi awiri, ndipo onse ndi oopsa.

Oyamba ndi a Yakobo. Iyenso anakonzera mwana mmodzi chovala chapadera, ndipo chovalacho chinathera m'magazi a mbuzi, mwana ali pa ulendo wa ukapolo ku Igupto. Abale ake a Yosefe sanadane ndi nsalu. Anawerenga chimene nsaluyo inkalengeza tsiku lililonse pabwalo: uyu ndiye mwana, inu ndinu abusa a ziweto. Mphatso yopangidwa ndi manja imalankhula mokweza kuposa yogula, ndipo amene sanalandire amaimva bwino kuposa wolandira. Kwathu kuno, kumene mwana amatsata kuchikazi, matendawa ali ndi njira yakeyake. Agogo amalukira ana a mwana wawo wamkazi poti ndiwo mbumba, ana a mwana wamwamuna n'kumati ndi a eni ake. Mwana wopeza ndiye satchulidwa n'komwe. Pa Khirisimasi ana onsewa amakhala pamkeka umodzi, atatu avala zofanana zoluka agogo, wachinayi wavala yogula, ndipo ngakhale yogulayo ikhale yokwera mtengo, mwanayo amadziwa pamene waima. Tisamanamizire mwambo. Mwambo womwewo umati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Achiwiri ndi obisika, ndipo amagwira makamaka ife akhama. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo pa moyo wa m'mudzi mawuwa ndi oona: ndiwo imene wagawira mnzako lero idzakupeza tsiku lako la usiwa. Koma mwambi womwewu ukalowa mumtima mosayenera umasandutsa mphatso kukhala ngongole. Ndipo palibe ngongole yolemera ngati ya chinthu choluka, chifukwa siibwezeka. Munthu akakupatsa ndalama ukhoza kumubwezera. Akakupatsa miyezi itatu ya maso ake ndi msana wake, udzamubwezera chiyani?

Mayi wina wa m'Chigwirizano chathu analukira mpongozi wake bulangete la timabwalo tamitundumitundu, lolumikiza ndi kasingano ka ngowe, ntchito ya dzinja lonse. Atapita kukacheza kutauni analipeza litayalidwa pansi pabalaza, ana akudyerapo phala, pakona pena litada ndi tiyi. Anabwerako mtima uli fuu, ndipo Lachinayi lotsatira nkhani inali yomweyo. Anati mtsikana ameneyu ndi wosayamika, bulangete lija likanakhala pabedi la alendo. Tonse tinamumvera chisoni, popeza aliyense wa ife anadziwa kuwawa kwake. Koma mayi wina wachikulire, amene salankhulalankhula, anafunsa osakweza ndi mutu womwe: "Pepani amayi, kodi bulangetelo munapereka, kapena munakasungitsa?" Mwini nkhani anati anapereka. "Ndiye zidzukulu zanu zikukhala pofunda m'malo mwa simenti yozizira. Mukulira chiyani?"

Funso limenelo ndi la tonse oluka. Timati tikupereka, koma kamtima kena kamatsalira kukalondera. Timafuna tikamuone atavala, atijambulire chithunzi, anene pagulu kuti analuka ndi agogo. Mwana akakula n'kuyamba kuchita manyazi ndi juzi yoluka pakati pa anzake ovala za m'fasho, timamva ngati watikana ifeyo. Apa ndi pamene Hana amatiposa. Iye ankasokera mwana amene anali atamupereka kale. Ankafika, kumuveka, n'kubwerera ku Rama manja ali lende, mwana n'kutsala. Kamwinjiro sikanali njira yomukokera kunyumba. Kumudziwa munthu mpaka muyeso wa khosi lake koma osamuyesa katundu wako, imeneyo ndiyo ntchito yovuta kuposa luko lililonse.

Nanga za ana a m'thumba la feteleza aja? Pamenepa amandithandiza ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba ku Algeria, yemwe anamwalira mu 430. M'buku lake la chiphunzitso cha Chikhristu anavomera kuti anthu onse ayenera kukondedwa mofanana. Koma anaonjeza kuti popeza sungathe kuthandiza onse, uyenera kusamala makamaka amene malo, nthawi ndi zochitika zawaika pafupi nawe, ngati kuti anakugwera pa maere. Mfundo yake ndi yakuti mdzukulu wanga saposa mwana wina aliyense pamaso pa Mulungu. Kungoti ine ndili ndi manja awiri, masiku owerengeka, ndipo mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Mulungu yekha ndiye angadziwe aliyense payekhapayekha nthawi imodzi. Ine wolengedwa ndimadziwa mmodzi, kenako wina. Singer akunena zoona kuti ana onse amalemera chimodzimodzi. Chimene sakuchiwerengera n'chakuti munthu saphunzira kulemera kwa mwana pa ana onse. Amakuphunzira pa mmodzi amene anamunyamula.

Komabe tione bwino: Augustine sananene za magazi okha. Ananena za amene waikidwa pafupi. Mwana wa mayi wogulitsa tomato amene ndimamudutsa tsiku lililonse waikidwa pafupi nane kuposa mdzukulu wa ku Johannesburg. Ndikagwiritsa ntchito mawu a bishopuyu kutsekera chitseko pa abale anga okha, ndawapotoza. Banja ndi sukulu ya chikondi, ndipo monga mphunzitsi ndikudziwa kuti sukulu imene ophunzira ake satuluka ndi yolephera.

Amene anatuluka bwino m'sukuluyi ndi Tabita wa ku Yopa, wotchedwanso Dorika, yemwe amayi a mpingo wa Adventist anatengerako dzina la gulu lawo. Buku la Machitidwe, mutu 9, silinasunge mawu ake ngakhale amodzi. Atamwalira, okhulupirira anatuma anthu awiri kukaitana Petro ku Lida, ndipo atakwera m'chipinda chapamwamba, amayi amasiye anamuzungulira akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka. Sanamuwerengere kuti anathandiza anthu angati. Aliyense anali ndi chake choonetsa. Amasiye a ku Yopa sanali a msinkhu umodzi. Panali wamtali, wamfupi, wopindika msana. Kuti awasokere, Dorika anayenera kuwayandikira mmodzimmodzi, kuwagwira paphewa, anthu amene mwina panalibenso wina wowakhudza chimwalirire amuna awo. Iye anatenga chisamaliro chimene ife timasungira a magazi athu n'kuchipereka kwa amene analibe wowayeza. Pamenepo dandaulo la ku Betaniya ndi mafuta a Mariya zimakumana: osauka athandizidwa, koma athandizidwa ngati anthu okhala ndi maina.

Ndipo pali malo ena pamene ngakhale masamu amabwerera kumbali ya dzanja. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaonetsa kuti m'Malawi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chokwera kuposa maiko onse pa nthawiyo. Mwana wotere mdani wake wamkulu ndi kuzizira. Njira ya kangaru, yomuika mwana pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Thupi la mwana limabisika m'nsalu ya mayi, koma mutu umatsala pamtunda, ndipo khanda limataya kutentha kwambiri kudzera kumutu popeza ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Pamafunika kachipewa. Kamutu kake n'kongati lalanje, ndipo mukhoza kugudubuza mulu wonse wa kaunjika osapeza kokwana. Mayi wake sanakonzekere, mwana wabwera mwadzidzidzi, ndiponso ambiri mwa ife tinakula tikuuzidwa kuti wapakati sakonzeratu zovala za mwana amene sanamuone. Woluka amamaliza kachipewa kotere madzulo amodzi ndi ulusi wotsala ku juzi. Koma amene angathe kutero ndi yekhayo amene dzanja lake linazolowera kale pa mitu ya ana ake. Luso limene ndinalikulitsa pa zidzukulu zanga ndi lomwelo likufunika pa mwana wa mlendo.

Sindikunyoza thandizo la chigulu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo panalibe nthawi yoyeza munthu ndi kachingwe. Panafunika malole a mabulangete a kufakitale, ndipo amene anawatumiza anachita ntchito ya Mulungu. Tsiku la chigumula, belo ndiye chikondi. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chimene chalowa m'mipingo mwathu, choyesa kuti belo ndi chikondi chonse. Timasonkha ndalama, kugula mabulangete, kuitana okalamba kuti afole pamzere, kujambulitsa, kuwerenga chiwerengero pa lipoti la pachaka. Mufunse a komiti maina asanu a olandirawo, muona akuyang'anana. Wolandira amapita atafunda, inde, koma amapita monga anabwerera, wosadziwika.

Choncho sindisiya kulukira zidzukulu zanga, ndipo sindichita nazo manyazi pamaso pa Mulungu. Koma ndinadziikira malamulo atatu. Pakhomo pamene pali ana anayi, ndimalukira onse anayi kapena osalukira aliyense, wopeza ndi wobereka chimodzimodzi. Chimene ndapereka sindichifunsanso kuti chili kuti. Ndipo ndikamaliza ya wamagazi, yotsatira imakhala ya mwana amene si wanga, ndi ulusi womwewo, osati zotsalira zosakanizasakaniza zoti bola wafunda, ndiponso ndi muyeso wakewake.

Lamulo lachitatuli ndilo lodula, ndipo kudula kwake sikuli pa ulusi. Kuti uyeze mwana wa eni uyenera kupita kwawo, kuodira, kukhala pamphasa, kufunsa dzina lake ndi la amayi ake. Ukamamuzunguliza kachingwe pachifuwa umamva nthiti. Umaona kuti pamafuwa sipanayake moto chidzulo, kuti mkulu wake wasiya sukulu, kuti agogo akutsokomola m'nyumba. Unabwera kudzayeza juzi, ukubwerera utasenza banja lonse, ndipo sungathenso kunamizira kuti sukudziwa. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ambirife timakonda kutumiza belo. Timati n'lotsika mtengo, ndipo n'zoona, koma chimene timapulumutsa kwenikweni si ndalama. Timadzipulumutsa tokha ku udindo umene umabwera ukamudziwa munthu, ndipo udindo umenewo ndi umene Malemba amautcha kukonda mnansi.